Wamuyaya Safa

Kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, a Lionel Pengilly akhala akufa Loweruka loyamba la mwezi wa Novembala, 2 koloko masana, ndipo tauni yonse ya Mullagong imabwera kudzaonerera. Gulu lawo limachita sewero lokumbutsa tsiku limene achifwamba analanda ngolo ya akavalo yonyamula golide kalekale, ndipo a Lionel ndiwo amakhala wapolisi Duggan, amene amaomberedwa ali padenga la ngolo n'kugwera chagada m'chomwera akavalo, khuvu!

Chaka chino anafika pabwalo la chionetsero atasintha. Mwezi wathawu a komiti, atatopa ndi makalata awo a zaka zisanu ndi ziwiri, anawapatsa dzina laulemu limene ankalilira usana ndi usiku: Kaputeni Wamuyaya. Choncho analowa m'shedi ya zovala chifuwa chili patsogolo, lamba wofiira atapingasa paphewa, kumutu chipewa cha nthenga za chimbalame chotchedwa emu chimene chinkasesa akangaude kudenga. Munthu wogulitsa mapampu a madzi moyo wake wonse, koma mayendedwe ake ngati wagonjetsa dziko. Patebulo panali mlamu wawo, mayi Glenys Trewartha, mng'ono wa malemu akazi awo, amene amasunga buku la anthu ofa m'sewero. Mayiwa anakalambira mufamase, ndipo mpaka lero mawu alionse amawawerenga ngati alembedwa pabotolo la mankhwala.

"Mwadzuka bwanji, alamu? Ndipatseni magazi anga," anatero a Lionel, dzanja atatambasula.

A Glenys anaimirira njo, n'kuwachitira sawasha.

"Ndadzuka bwino, a Kaputeni. Magazi anu ali m'thupi mwanu."

"Aaa, inunso! Ndikunena kathumba kanga ka madzi ofiira a bitiruti, kamene ndimaphulitsa pachifuwa."

"Timatumbato ndi ta anthu amene akufa lero."

"Nanga ine mukundiona ngati ndabwera kudzagulitsa soseji?"

A Glenys anakhala pansi, anavala magalasi, n'kuyendetsa chala m'buku.

"Akufa lero alipo atatu. Woyendetsa ngolo, wachifwamba mmodzi, ndi wapolisi Duggan."

"Eya, Duggan ndineyo."

"Duggan ndi a Neville Spargo."

Nthenga za emu zinanjenjemera.

"Ndani?"

"A Neville Spargo. S, P, A..."

"Ndikumudziwa Neville! Neville amene chaka chija anafa ngati wachifwamba, kenako n'kudzuka kukayankha foni? Neville amene amayamba wayang'ana pogwera, n'kuchotsapo timiyala? Uja sangafe ngakhale mutamulipira!"

"Ayeserera kawiri sabata ino. Akufako bwino tsopano. Chatsala n'kusiya kuseka."

"Nanga dzina langa lapita kuti?"

"Ndinalifufuta."

"Chifukwa?"

A Glenys anatsegula kabati, n'kutulutsa chikalata cha zilembo zagolide, chimene a Lionel analemba okha ndi kukasindikizitsa okha chaka chatha, poona kuti a komiti akuchedwa.

"Apa palembedwa kuti chiyani, a Kaputeni?"

"Kaputeni Wamuyaya."

"Basitu. Wamuyaya safa."

A Lionel anaseka, kuseka kwa munthu amene akudikira kuti mnzake naye aseke. Mnzakeyo sanaseke. Ntchentche inatera pachikalata, inayendapo pang'ono, n'kuuluka.

"Alamu, limenelo ndi dzina chabe. Laulemu. Silitanthauza kanthu."

"Silitanthauza kanthu?"

"Ngakhale pang'ono."

"Chabwino." A Glenys anatenga pensulo. "Ndiye ndiwauze anyamata achotse chikwangwani chija pansi pa bulugamu wa pageti, pamene mwaimika galimoto lanu pamthunzi. Anzanu onse aimika padzuwa, kuseri kwa makola a nkhosa."

"Ayi, pamenepo n'panga! Zimenezo zikutanthauza."

"Kapu yoyamba ya tiyi?"

"Ikutanthauza."

"Mpando wa khushoni pakhonde? Soseji yoyamba kupsa? Dzina lanu pathabwa la muholo?"

"Zonsezo zikutanthauza!"

"Ndiye mawu osatanthauza ndi ati? Mundisonyeze ndi chala, ndiwadule mzere."

"Koma inu alamu, mukundipha!"

"Ayi, a Kaputeni. N'chimene ndikukanacho."

Kunja ana a sukulu ankayeserera ng'oma, ndipo fungo la anyezi wokazinga linkalowera pazenera. A Lionel anavula magolovesi oyera, chala chimodzichimodzi, monga ankaganizira kuti akuluakulu a nkhondo amachitira asanaphe munthu ndi mawu. Kenako anakweza chibwano.

"Mayi Trewartha. Ine monga Kaputeni wa gulu lino, ndikukulamulani kuti mubwezeretse dzina langa m'bukumo."

A Glenys anaimirira, sawasha, n'kukhalanso pansi.

"Mwamva?"

"Ndamva, a Kaputeni."

"Nanga bwanji simukulemba?"

"Ndime yachiwiri. 'Mwini dzinali adzalandira ulemu wonse, koma sadzalamula munthu, kavalo, kapena galu wa gulu.'"

"Ine sindinalembe zimenezo!"

"Anawonjezera a komiti asanasaine. Za galuzo anapempha ndi a Neville."

"Ndikukulamulani!"

Sawasha.

"Lekani kundichitira sawasha!"

"Limenelonso ndi lamulo, a Kaputeni. Sindingalimvere." Sawasha.

A Lionel anakhala pabokosi la nsapato za asilikali, osati chifukwa chogonja, koma chifukwa chiuno chinawakumbutsa kuti chilipo. Anapuma kawiri. Munthu wouma mutu akakhala pansi, anthu osamudziwa amayesa watha, pamene iye akungofuna khomo lina.

"Chabwino. Ndisafe. Ndingovulala. Chipolopolo chindipeze paphewa, ndigwere m'madzi, anthu akuwe, kenako nditukule mutu."

"Duggan sanavulale. Anafa. Gulu lino limachita zimene zinachitika basi. Munanena nokha pamsonkhano, tsiku limene munathamangitsa mwana wa a Hocking chifukwa cha mabatani apulasitiki."

"Ndiye ndigwe ngati Kaputeni! Kaputeni naye anali munthu, ankatha kuterereka."

"Kaputeni weniweni kunalibe tsiku limenelo."

"Anali kuti?"

"Kunyumba kwake. Dzino linkamuwawa."

"Dzino?"

"La kumanzere, lapansi. Zili m'kalata ya mkazi wake." A Glenys anawerama, n'kutulutsa nsalu yoyera yopindidwa bwino. "Ndakukonzerani iyi. Mumanga chibwano, mfundo pamwamba pa mutu, chipewa pamwamba pa mfundo. Mukhala pakhonde pafupi ndi akazi a meya. Mfuti zikalira, inu muzingobuula."

"Kubuula."

"Pang'onopang'ono, kuti musasokoneze akufa. Sewero likatha mupereka mphoto kwa wopambana pa makeke."

"Zaka makumi atatu ndi zinayi ndakhala ndikugwa kuchokera padenga la ngolo, chagada, maso otseka! Anthu amachokera ku Bendigo kudzaona ine! Ana amene anandiona ndikufa koyamba lero amabweretsa ana awo! Ndiye mukuti ndikhale pakhonde nditamangidwa mutu ngati phukusi?"

"Pampando wa khushoni."

"Ndifa ndi mkwiyo ine!"

"Sizololedwa."

Apa a Lionel anatsitsa mawu. Anayang'ana kukhomo ngati kukubwera munthu, n'kusendera pafupi ndi tebulo. Zimene ankafuna kunenazi sanauzepo aliyense m'gulumo, pakuti ankafuna anthu azikhulupirira kuti thupi lawo n'lachitsulo.

"Glenys. Mu Febuluwale akundichita opaleshoni ya m'chiuno. Dokotala wanena kuti akandiika chitsulo m'chiunomu, za kugwa ndiiwale. Ngakhale kugwa pabedi. Lero ndi lomaliza. Ndikapanda kufa lero, sindidzafanso."

"N'zogwirizana ndi chikalata."

"Mulibe mtima kodi? Akulu anu Beryl ankandidikira kuseri kwa chomweracho chaka chilichonse, thaulo paphewa, tiyi m'fulasiki. Akanakhalapo lero akanati chiyani?"

A Glenys anavula magalasi, n'kuganiza moona mtima, pakuti anali atafunsidwa funso.

"Akanati muvale malaya am'kati awiri, madziwo ndi ozizira."

"Osati zimenezo!"

"Ankanenanso kuti pa zinthu zonse zimene mumachita, kufa ndiye kumene mumakutha."

Mawuwo anawakomera a Lionel, chifukwa anamva theka lokha, monga amachitira ndi mawu onse onena za iwo. Misozi inalengeza m'maso. Anaimirira, n'kuyamba kuvula lamba wofiira uja, nkhope atailozetsa kumene kunali kalilole.

"Ndiye tengani! Tengani ulemu wanuwo! Ndautula pansi. Kuyambira pano ndine Lionel wamba. Lembani dzina langa."

"Simungautule."

"Ndautula kale! Suwo uli patebulopo?"

"Uwo ndi lamba. Ndime yachinayi. 'Dzinali silidzabwezedwa, silidzalandidwa, ndipo silidzachotsedwa ndi komiti iliyonse, kufikira mwini wake atamwalira.' Iyi ndiye munalemba nokha. Munaidula mizere iwiri."

Zinali zoona. Anailemba poopa kuti Neville akadzalowa m'komiti adzawavula chipewa. Anatchera msampha pakhomo, n'kuiwala kuti potuluka adzadzera pomwepo.

"Ndiye kuti ndisiye dzinali, ndiyenera kufa."

"Inde."

"Ndipo kuti ndife, ndiyenera kusiya dzinali."

"Inde."

"Nanga inu simukuonapo vuto pamenepa?"

"Ayi. Zonse zalembedwa bwino. Palibe chilembo cholakwika."

A Lionel anazungulira m'shedimo kawiri, akupunthwa pa mfuti zamatabwa ndi madiresi a azimayi a m'ngolo. Pazenera anaona Neville ataima pafupi ndi tebulo la soseji, atavala jekete la Duggan, jekete lawo lenileni, mabatani atatu okha ndiwo atatsekeka. Msuzi wa tomato unkadontha pamanja pake. Anali kuseka ndi akazi a meya, munthu woti afa pakangopita maola ochepa. Chinthu chimenechi chinawapweteka a Lionel kuposa chiuno.

Mwadzidzidzi anaima. Anatembenuka pang'onopang'ono, chala m'mwamba, maso akuwala ngati munthu amene watola nzeru panjira.

"Alamu. Werenganinso ndime yachinayi. Mawu omaliza okha."

"'Kufikira mwini wake atamwalira.'"

"Atatani?"

"Atamwalira."

"Eheee! Ndiye chikalata chanucho chikuvomera chokha kuti mwini wake akhoza kumwalira! Pamwamba chikuti wamuyaya, pansi chikuti atamwalira. Tsono inu mumvera ziti?"

Kwa nthawi yoyamba m'mawa umenewo, a Glenys anasowa mtendere. Anayang'ana pamwamba pa chikalata, anayang'ana pansi, anayang'ananso pamwamba. Anachipendeketsa cha kuzenera. Chikalata chodzitsutsa chokha chinali kwa iwo ngati mbale yosatsuka imene yabwezedwa m'kabati.

"Iii. Koma zoona."

"Mwaona? Mwaona?"

"Kufamase, zilembo zazikulu zikasiyana ndi zazing'ono, tinkatsata zazing'ono."

"Ndipo zazing'onozo zikuti?"

"Zikuti mukhoza kumwalira."

"Basi! Magazi anga!"

"Dikirani. Ndimeyi ikunena za kumwalira. Kugwera m'chomwera akavalo n'kumwalira, kapena n'kungoyerekeza?"

A Lionel anadzigwira pachifuwa ngati aomberedwa nthawi isanakwane.

"Kuyerekeza? Ine? Amayerekeza ndi Neville! Ine ndikafa ndimafa! Chaka chija mayi wa ku Castlemaine sanakomoke? Ambulansi sinabwere mpaka pachomwera? M'busa sanavule chipewa?"

"Anavula."

"Ndiye mukufunsa chiyani?"

"Ndikufuna ndidziwe cholemba. Ndilembe kuti imfa yanu ya lero, pamaso pa gulu lino ndi malamulo ake, ndi imfa yeniyeni?"

"Yeniyeni! Lembani ndi zilembo zazikulu!"

"Zazing'ono ndiye zimagwira ntchito."

"Lembani ndi zonse ziwiri!"

A Glenys anafufuta dzina la Neville, anauzira tinyenyeswa ta labala, n'kunola pensulo.

"Ayi, ayi, ayi," anatero a Lionel, akugwedeza chala. "Pensulo ayi. Ndakuonani mmene mumafufutira anthu inu. Inki."

"Za inki sizifufutika, a Kaputeni."

"N'chimene ndikufuna. Inki! Ndipo ndisainirapo ndekha."

A Glenys analemba mosafulumira, chilembo chilichonse chili njo. A Lionel analanda cholembera, n'kusaina dzina lawo lalitali ndi mchira wake wopota umene unadutsa mizere itatu. Analandira kathumba ka bitiruti ndi manja awiri, n'kukapsompsona. Anali osangalala zedi, ndipo chimene chinawakomera koposa sichinali kufako, koma kuti agonjetsa mlamu wawo ndi zilembo zake zomwe.

"Mwaona, alamu? Mutu uwu si wongonyamulira nthenga."

"Zoona. Ndipatseni chipewacho."

"Inde, sungani bwino. Duggan savala nthenga. Ndidzachitenga ndikauma."

"Ayi, ndikufuna a Neville ayese ngati chikuwakwana. Mutu wawo ndi waung'ono, mwina tiikamo nyuzipepala."

Kathumba kaja kanatsala pang'ono kuphulika m'manja.

"Neville ayese chiyani?"

A Glenys anatembenuza chikalata. Kuseri kwake kunali ndime ina imodzi, yokhayokha.

"Ndime yachisanu. 'Mwini dzinali akamwalira, dzina, chipewa, lamba, mpando, ndi malo oimika galimoto zidzapita tsiku lomwelo kwa membala amene wakhalitsa m'gulu pambuyo pake.' Iyinso ndi yanu. Munati ulemu usamagone panja."

"Koma wotsatira ine ndi Clarrie! Ndinalembera Clarrie!"

"A Clarrie anasamukira kwa mwana wawo ku Cairns mwezi wa Ogasiti. Munalankhula nokha paphwando lowatsanzika. Mphindi makumi anayi."

"Ndiye wotsatira ndi..."

"S, P, A..."

"Fufutani!"

"Ndi inki."

"Ng'ambani tsambalo!"

"Kuseri kwake kuli woyendetsa ngolo. Iyeyo sanalakwe kanthu."

"Ndikukulamulani!"

Sawasha.

A Lionel anagwira chipewa ndi manja onse awiri, n'kuchikanikizira kumutu mpaka makutu anapindika. Kathumba kaja, kamene anakapanira m'khwapa, kanaphulika phwa! Madzi ofiira anatsikira pamalaya oyera, pathalauza, mpaka pansapato zimene anapukuta dzulo lonse.

"Si imfa yeniyeni! N'sewero chabe! Aliyense akudziwa kuti n'sewero! Munthu wamkulu kugwera m'madzi a akavalo, n'kudzuka kukadya soseji, imeneyo n'kukhala imfa?"

"M'busa anavula chipewa."

"Kunkatentha!"

"Mwasaina, alamu. Ndi mchira womwe."

A Glenys anatsegula zenera n'kutulutsa mutu. "A Neville! Vulani jekete, mwini wake walifuna! Inu lero simunyowa. Bwerani ndikumangeni chibwano. Ndipo 2 koloko ikangodutsa, mukasunthe galimoto lanu, mukaliike pansi pa bulugamu!"

Kuchokera ku tebulo la soseji kunamveka chimwemwe cha munthu amene sanafunepo kunyowa chibadwire.

A Lionel anabwerera chafutambuyo mpaka msana unagunda khoma la malata, chipewa chili chikanikizire, bitiruti akudontha pachigongono.

"Simungandiphe! Ine sindifa! Mwamva? Ine ndine Wamuyaya, ndipo wamuyaya safa!"

A Glenys anatseka buku, anaika cholembera pamwamba pake mowongoka, n'kutulutsa m'kabati thaulo ndi kathumba kena ka magazi.

"N'zimene ndakhala ndikukuuzani kuyambira m'mawa," anatero. "Kafeni bwino, alamu. A Kaputeni Wamuyaya akhala akuonerera ali pakhonde."